Kodi Sabata Ndi Yayani? Dongosolo la Pakhomo Pakati pa Amalawi a ku Cape Town

Pali mafunso ena a chikhalidwe cha munthu amene amabisala m'tintchito ta pakhomo, moti anthu ophunzira amawapitirira osawaona. Limodzi mwa mafunso oterewa ndi la kukonza dongosolo la sabata. Munthu akakhala pansi Lamulungu madzulo n'kumawerenga ndalama zoyendera, n'kumagawa ufa ndi ndiwo kuti zikafike Loweruka, n'kumalingalira za amene adzatenge mwana kusukulu Lachitatu, amakhala akulamula masiku amene sanawaone. Ena amati kutero ndi nzeru, ndipo wosachita zimenezi ndi wamphwayi. Ena amati ndi kudzikuza, popeza za mawa adziwa ndi Mulungu. Funsoli limakula likafika pa munthu amene masiku ake adagulidwa kale ndi ena, monga Amalawi ambiri ogwira ntchito za m'nyumba ndi zosamalira maluwa ku Cape Town. Kodi munthu wotere watsala ndi chiyani choti akonze, ndipo akakonza amakonzera yani?

Pofuna yankho nkoyenera kuyamba ndi mayina a masiku, chifukwa mayinawo amasunga mbiri imene eni chilankhulo adasiya kuimva. Chichewa chimatchula tsiku loyamba la ntchito kuti Lolemba, tsiku limene anthu ankalembedwa ntchito, ndipo tsiku lachisanu ndi chimodzi chimalitchula kuti Loweruka. Masiku anayi a pakati alibe mayina awoawo. Amangowerengedwa kuchokera pa Lolemba. Lotsalalo ndi Lamulungu, ena amati Lasabata. Motero m'mayina asanu ndi awiriwa mukumveka eni awiri okha, wolemba ntchito ndi tchalitchi. Palibe tsiku lotchulidwa ndi dzina la munda, la msika kapena la banja. Mawu oti sabata nawonso adafika ndi Baibulo. Amishoni asanakhazikike ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mvera mu 1889, anthu ankawerenga nthawi poyang'ana mwezi ndi nyengo: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Ntchito inkabwera ndi nyengo yake, ndipo kupuma kunkabwera ntchito ikatha kapena pamudzi pakagwa maliro.

M'maesiteti a azungu a m'mapiri a Shire mwezi wa wantchito udasiya kutsata mwezi wa kumwamba n'kuyamba kutsata tikiti, kapepala kamene kapitawo ankachongapo tsiku lililonse logwiridwa. Tsiku limene munthu sadamalize ntchito yake linkatha kutsala losachongedwa, ndipo mwezi unkatalika. Madandaulo a kuchulukitsa masiku a thangata adali m'gulu la zinthu zimene zidautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Zoterezi zidachitikanso kummwera. Keletso Atkins, m'buku lake la 1993 lonena za antchito a Chizulu ku Natal, adaonetsa kuti antchitowo ankafuna malipiro awo mwezi wa kumwamba ukafa, pamene olemba ntchito ankaumirira masiku 30 kapena 31 a pakalendala. Mkanganowo udali wa amene ali ndi mphamvu yowerenga masiku a mnzake.

Mfundo imeneyi imathandiza kuwongola ganizo limene lidafala m'masukulu kwa zaka zambiri. Mu 1969 John Mbiti wa ku Kenya, m'buku lake lotchedwa African Religions and Philosophy, adati m'maganizo a makolo a mu Africa nthawi ili ndi mbali ziwiri, zakale zimene ndi zazitali ndi zatsopano zimene zikuchitika, ndipo tsogolo lakutali silidali m'maganizo mwawo kwenikweni. Umboni wake adautenga makamaka m'aneni a Chikamba ndi Chikikuyu. Kwame Gyekye wa ku Ghana adatsutsa zimenezi mu 1987 poonetsa kuti anthu a mtundu wa Akan ali ndi njira zonenera ndi zolingalirira za m'tsogolo. Chichewa nachonso chili ndi umboni wake. Chili ndi mawa ndi mkuja, ndipo chili ndi mphatikiram'kati -dza- wonena zimene zikali kutali. Koma umboni woposa wa galamala uli pabwalo la mudzi. Nkhokwe imamangidwa poganizira miyezi ya njala imene siinafike. Mbewu ya chimanga imapachikidwa pautsi kuti idikire mvula ya chaka china. Mayi amene amafutsa masamba m'masika n'kuwakulunga m'chikwatu amakhala akuphika ndiwo za m'chilimwe. Anthu oterewa sadaphunzire za tsogolo kwa mmishoni kapena kwa kapitawo. Belu la kumishoni ndi tikiti ya kuesiteti zidangobweretsa mwini watsopano wa chiwerengero cha masiku.

Mzinda wa Cape Town umadziwa bwino nkhani ya kulanda masiku. Mzinga wodziwitsa nthawi wakhala ukuombedwa mumzindawu kuyambira 1806, ndipo kuyambira 1902 umalira pa Signal Hill nthawi ya 12 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Poyamba unkathandiza oyendetsa zombo kukonza mawotchi awo. Pansi pa phirilo padali akapolo, ena a iwo ochokera ku Mozambique, amene ukapolo wawo udathetsedwa pa 1 Disembala 1834, ngakhale adapitiriza kugwirira ambuye awo mpaka 1838. Mbiri imene anthu a mumzindawu amasunga imati tsiku lopuma la akapolo pachaka lidali la 2 Januwale, ndipo ndilo chiyambi cha chikondwerero cha Tweede Nuwe Jaar chimene chilipo mpaka lero. Mumzinda womwewu Mmalawi wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, Clements Kadalie, amene adaphunzira ku Livingstonia, adayambitsa bungwe la antchito la ICU mu Januwale 1919 pamodzi ndi ogwira ntchito padoko, ndipo mu Disembala chaka chomwecho antchitowo adanyanyala. Choncho Mmalawi amene akukhala ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu, ku Vrygrond kapena ku Dunoon lero walowa m'mkangano wakale wa mtengo wa tsiku la munthu, umene mnzake wa kunyanja adaulowa zaka zoposa 100 zapitazo.

Malamulo a dziko la South Africa adayesa kuuweruza mkanganowu. Lamulo la 1997 loona za kagwiridwe ka ntchito lidaika maola 45 ngati malire a sabata ya ntchito, ndi maola 36 otsatizana opuma sabata iliyonse. Mu 2002 boma lidaika malipiro ochepetsetsa a antchito a m'nyumba, kuphatikizapo osamalira maluwa, ndipo mu Malichi 2022 malipiro awo adalinganizidwa ndi a antchito ena onse pa R23.19 pa ola. Komabe lamulo limagwira bwino pamene pali bwana mmodzi ndi mgwirizano wolembedwa. Amalawi ambiri amagulitsa sabata yawo mong'amba: Lolemba kwa bwana wa ku Constantia, Lachiwiri kwa dona wa ku Tokai, Lachinayi ku Noordhoek, ndipo Lachitatu ndi Lachisanu zili pamsika. Ena amaima m'mbali mwa msewu mbandakucha kudikira galimoto yofuna waganyu. Kwa anthu oterewa tsiku lililonse ndi Lolemba, chifukwa tsiku lililonse amalembedwa mwatsopano, ndipo amene mapepala ake sali bwino amaopa kukadandaula kwina kulikonse akapunjidwa.

M'nyumba ya chipinda chimodzi, ya malata, yomangidwa kuseri kwa nyumba ya mwini malo, dongosolo la sabata silichedwa kulembedwa, koma limalemera. Choyamba kupatulidwa ndi ndalama yoyendera, chifukwa tsiku limene munthu walephera kukwera minibasi ndi tsiku limene wataya malipiro, mwinanso bwanayo. Kenaka mayunitsi a magetsi, amene amagulidwa pang'onopang'ono ndipo kawirikawiri amagawidwa ndi mabanja ena a pabwalo lomwelo. Nyemba zimaphikidwa Lamulungu, poti zimadya magetsi ndi nthawi, ndipo palibe amene angazidikire atafika usiku. Yunifolomu ya mwana imachapidwa Loweruka kuti iume, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mvula ya ku Cape imagwa mozizira, kuumako sikodalirika. Mayi amagwirizana ndi mnzake wa pakhomo loyandikana kuti masiku amene iye akuweruka mochedwa mnzakeyo alandire mwana, ndipo iye adzabweza Lachitatu. Ngati ndi sabata ya kumapeto kwa mwezi, lendi imadya zonse. Ngati ndi sabata ya chipereganyu, chopereka chiyenera kupezeka, chifukwa wolephera amataya dzina pakati pa anzake. Pomaliza pali foni ya kumudzi: tsiku ndi ola limene agogo adzakhale pafupi ndi foni yotchajidwa, ana amene adatsala ku Mzimba kapena ku Mangochi ali pomwepo.

Banja lotere limasunga makalendala awiri amene sagwirizana. Ku Cape mvula imagwa pamene ku Malawi kuli chisanu chouma, ndipo tsiku la mvula ndi tsiku limene wosamalira maluwa amabwezedwa. Ku Malawi ndalama ya feteleza imafunika mvula isanayambe mu Novembala, ndipo pakati pa Disembala ntchito za zomangamanga ku South Africa zimatsekedwa kwa masabata angapo. Sukulu za ku South Africa zimatsegulira chaka mu Januwale, za ku Malawi mu Seputembala. Pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi idayamba kusinthidwa ndi makwacha ambiri, koma mitengo ya kumudzi idakwera, ndipo zopempha zidakwera nayo. Sabata iliyonse ya ku Dunoon imakhala ndi mthunzi wake ku Malawi.

Apa ndi pamene wotsutsa woyamba amaimirira. Iye amati kukonza konseku ndi kudzinamiza, chifukwa zinthu zimene zimaphwanya sabata ya wosauka sizichokera m'nyumba mwake. Umboni ali nawo wokwanira. Mu Meyi 2008 ziwawa zochitira anthu obwera zidapha anthu 62 m'dziko lonse, ndipo zitafika ku Dunoon ndi madera ena a Cape Town anthu adathawira kumisasa monga wa Soetwater, atasiya zonse. Mu Malichi 2017 moto udapsereza gawo lalikulu la Imizamo Yethu usiku umodzi n'kusiya anthu zikwizikwi opanda pogona. Kumapeto kwa 2019 sitima za pa njanji yopita ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain zidaima kwa zaka. Mu 2023 magetsi adazimitsidwa mosinthana kwa masiku oposa 300. Kuyambira pa 3 mpaka pa 10 Ogasiti chaka chomwecho eni minibasi adanyanyala. Madzulo a tsiku loyamba anthu adayenda pansi m'mbali mwa msewu wa N2 mpaka usiku, anthu asanu adafa m'masiku amenewo, ndipo buledi adasowa m'masitolo a m'makomboni. Palibe kapepala ka Lamulungu madzulo kamene kadaona zimenezi. Wotsutsayo amawonjeza mawu a chipembedzo: Kalata ya Yakobo, m'mutu wachinayi, imadzudzula amalonda okonza za chaka chathunthu pamene sadziwa za tsiku lotsatira.

Mtsutso umenewu ukadakhala woona dongosolo likadakhala ulosi. Mlosi amanena zimene zidzachitike, ndipo zikapanda kuchitika ndiye kuti wanama. Koma mndandanda wa pamwambapa ukawerengedwanso bwino, mulibe ulosi. Chinthu chilichonse chili ndi munthu kumbuyo kwake: mwana amene sayenera kudikira yekha pachipata cha sukulu, mnansi amene adzabwezeredwa chisamaliro chake, mwini nyumba, anzake a chipereganyu, agogo. Kukonza sabata ndi kugawiratu masiku kwa amene munthu ali nawo mangawa, masikuwo asanafike. Ndi lonjezo. Hannah Arendt, m'buku lake la 1958 lotchedwa The Human Condition, adati anthu ali ndi mankhwala awiri a kufooka kwa zochita zawo: kulonjeza, kumene kumachiza kusadziwika kwa tsogolo, ndi kukhululuka, kumene kumachiza kusabwezeka kwa zimene zachitika. Lonjezo limafunika chifukwa chakuti mawa sadziwika. Likadadziwika, sipakadafunika kulonjezana. Ngakhale Kalata ya Yakobo siletsa ulendo wa amalondawo. Imangofuna kuti avomereze kuti moyo suli m'manja mwawo, zimene Mkhristu wa ku Dowa amachita akamati Mulungu akalola, ndi Msilamu wa ku Mangochi akamati Inshallah. Onse awiri amanena mawuwo atakonza kale ulendo. Ndipo sabata ikaphwanyika, amene adakonza amadziwa kuti ndi yani amene wamukhumudwitsa, ndi kwa yani kumene ayenera kukapepesa, ndi ngongole iti imene iyenera kuyamba kubwezedwa. Amene sadakonze amangoona kuti zonse zasokonekera.

Chaka cha 2018 chidaonetsa kuti malonjezo ang'onoang'ono a m'makomo angathe kusuntha tsiku lalikulu. Madamu a mzindawu, kuphatikizapo la Theewaterskloof, atatsala pang'ono kuuma, akuluakulu adalengeza kuti mipopi idzatsekedwa mu Epulo, tsiku limene adalitcha Day Zero, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale munthu aliyense adaloledwa malita 50 patsiku. Mabanja adayamba kugawa madzi a sabata: tsiku lochapa, madzi osambira othira m'chimbudzi, ndowa pansi pa mpopi uliwonse. Madzi ogwiritsidwa ntchito mumzinda adatsika kufika pafupi theka la amene ankagwiritsidwa ntchito zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo mvula itabwera tsikulo silidafike. Koma phunziro lina lidabisala m'nkhaniyi. Zimene a m'nyumba zazikulu adaziphunzira mwamantha chaka chimenecho, anthu otunga madzi pampopi wa gulu adali akuzichita kale, popanda wowayamikira.

Izi zikufikitsa nkhaniyi pa ngozi ya mbali inayo. Amene amatamanda dongosolo amafulumira kulisandutsa ndodo yokwapulira osauka. Amati wantchito wachedwa chifukwa sakonzekera, ndipo ndalama zamuthera Lachinayi chifukwa sadziwa kugawa. Kulankhula kotere kumaiwala kuti mtunda wa pakati pa nyumba ya wantchito ndi ntchito yake udakonzedwa mwadala. Lamulo la Group Areas la 1950 lidagawa mzinda potsata khungu, ndipo District Six italengezedwa kukhala dera la azungu mu 1966, anthu oposa 60,000 adasamutsidwira kuchigwa cha mchenga cha Cape Flats. Malamulowo adafa, koma misewu ndi mitengo ya nyumba zidasunga mapu ake, ndipo mlendo wosauka amakhala kumene angakwanitse. Wopanda firiji sangaphike za sabata yonse. Wopanda ndalama yambiri nthawi imodzi sangagule thumba lalikulu la ufa, ngakhale akudziwa kuti ndilo lotsika mtengo. Kukonza sikuchulukitsa ndalama. Kumangoonetsa poyera pamene ndalamayo ithere, ndipo pamafunika kulimba mtima kuti munthu ayang'ane malo amenewo Lamulungu, m'malo modikira kuti amudzidzimutse Lachinayi. Ulemu wa wokonza sabata uli pa kulimba mtima kumeneku, ngakhale zotsatira zake zitakhala zochepa.

Funso la chilungamo limalowanso m'nyumba mwenimweni. Kukonza ndi ntchito, ndipo ndi ntchito yosaoneka: kukumbukira kuti sopo watsala pang'ono, kuti mwana ali ndi tsiku la kusikelo, kuti mlamu adalonjezedwa ndalama. M'mabanja ambiri katundu ameneyu amamusenza ndi mayi. Ngati mayiyo ndi wantchito wa m'nyumba, amasenza kawiri, chifukwa masana amayendetsa sabata ya banja lina. Amadziwa tsiku lotulutsa zinyalala ku Camps Bay, tsiku losintha zofunda, chakudya chimene mwana wa dona sadya. Dona amatha kupita ku ofesi mtima uli m'malo chifukwa pali wina amene akukumbukira m'malo mwake. Mayiyo akafika kwawo usiku amayambanso kukumbukira za banja lake, ndi mutu womwewo. Bambo amene amati iye amangotsata zimene amayi akonza amaganiza kuti akuwalemekeza, pamene wawasiyira ntchito yolemetsa yonse. Kumudzi ntchito zinkagawidwa pakati pa anthu ambiri: apongozi, achemwali, ana okulirapo. M'chipinda chimodzi cha ku Vrygrond muli akulu awiri okha, ndipo mwambi woti mutu umodzi susenza denga umagwira ntchito pamenepa monga momwe umagwirira pabwalo la milandu. Dongosolo limene wakonza mmodzi, wina n'kumangolandira, lingathe kuyenda bwino sabata yonse koma likhale lopanda chilungamo.

Wotsutsa wachiwiri amachokera kwina, ndipo mawu ake amakhudza mtima wa Mmalawi kwambiri. Iye amati munthu wa ndondomeko amauma mtima. Umunthu, umene akatswiri a ku Malawi monga Harvey Sindima ndi Augustine Musopole adaufotokoza m'zolemba zawo, umafuna kuti munthu apezeke pamene mnzake wagwa. Maliro salembedwa pakalendala. Mwana wa malume amene watsika basi ndi chikwama chimodzi sadaitanidwe. Mmalawi akamwalira ku Cape Town, anzake amasonkha ndalama kuti mtembo uyende ulendo wautali wopita kumudzi, ndipo amakhala pa siwa usiku, mawa lake ali ndi ntchito. Amene angayankhe kuti sabata yake yadzaza amaonedwa ngati wataya chikhalidwe, ndipo anthu amamukumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtsutsowu uli ndi mphamvu. Dongosolo limene silingaswedwe chifukwa cha munthu wovutika lasanduka tikiti ya kapitawo, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano munthu akudzichongera yekha.

Komabe wopanda dongosolo alibe chopereka. Amene ndalama zake zimapita kwa aliyense woyamba kuimba foni amafika pa tsiku la maliro manja ali lende, ndipo amene amajomba kuntchito pa vuto lililonse amataya bwana wa Lachinayi, amene malipiro ake ankalipira fizi ya mwana wa mchemwali wake. Makolo omwe adaphunzitsa za kuthandizana adanenanso kuti chisoni chidapha nkhwali. Amalawi a ku Cape adapeza njira ya pakati popanda kuitchula dzina la nzeru zakuya. Magulu a maliro a m'mipingo, a m'mizikiti ndi a anthu a boma limodzi, pamodzi ndi chipereganyu, ndi chifundo chokonzedweratu. Palibe amene akudziwa yemwe adzamwalire, koma onse akudziwa kuti wina adzamwalira, choncho amaika chopereka chake m'dongosolo la mwezi. Ndi nzeru ya nkhokwe, imene imamangidwa yokulirapo poganizira mlendo amene dzina lake silinadziwike. Sabata yokonzedwa bwino imakhala ndi mpata wotere: kandalama kosalembedwa dzina, madzulo amodzi opanda ntchito. Pa mpata umenewo ndi pamene dongosolo ndi umunthu zimagwirizana.

Tsiku lopuma ndi mpata waukulu mwa yonse, ndipo ndilo loyamba kugulitsidwa zinthu zikavuta. Pabwalo limodzi la Amalawi pangathe kupezeka Msilamu wofuna ola la Lachisanu masana, wa Seventh-day Adventist wosunga Loweruka monga amachitira ku Malamulo, ndi wa CCAP kapena wa Katolika wosunga Lamulungu. Aliyense wa iwo amayesedwa ndi bwana wofuna ganyu pa tsiku limenelo, nthawi zina ndi malipiro okwera. Sikoyenera kuweruza amene wavomera pamene lendi yatsala pang'ono. Koma amene wakana akunena chinthu chimene mayina a masiku adachibisa: kuti pali gawo la moyo wake limene silili pamsika. Pa tsiku limenelo ndi pamene amamva Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao chikulankhulidwa mokweza, amadya nsima ya ufa woyera mosathamanga, ndipo amapeza mphamvu ndi nthawi yokhalira pansi kukonza masiku asanu ndi limodzi otsatira. Popanda tsikulo palibe pokonzera.

Ngati dongosolo la sabata ndi lonjezo, ndiye kuti udindo wake sugwera wokonza yekha. Lonjezo limamangidwa pa malonjezo a ena. Wosamalira maluwa amene wapatula Lachiwiri chifukwa cha banja lina wakana ganyu wina pa tsikulo, ndipo wawerengera malipiro ake pa mayunitsi a magetsi ndi pa chipereganyu. Uthenga wa pafoni wofika Lolemba usiku, wonena kuti asabwere chifukwa kukuoneka mitambo kapena chifukwa banjalo lapita kokayenda, umatenga mphindi imodzi kuulemba. Kwa wolembayo ndi kusintha kwakung'ono m'sabata imene ili ndi mipata yambiri. Kwa wolandirayo ndi kuphwanyika kwa malonjezo atatu kapena anayi amene adapanga kwa anthu ena, ndipo ndiye amene adzapite kukapepesa. Munthu amene ali ndi mphamvu yosintha sabata ya mnzake ali ndi mangawa a kusaisintha mwachisawawa, ndipo mangawawo amayamba lamulo lisanalankhule. Izi zikukhudza dona wa ku Constantia monga momwe zikukhudzira mphunzitsi wa ku Zomba kapena wa ku Lusaka amene ali ndi wantchito pakhomo pake. Wogula tsiku la mnzake, akasintha maganizo, ayenera kunena sabata isanayambe, kapena kulipira tsikulo ngati kuti lagwiridwa.